Injini ya Cortina Yomwe Inalera Akatswiri: Zinthu 13 Zodabwitsa za Formula Ford

Mukamaonera Formula One pa kanema Lamlungu masana, magalimoto a ndalama zosawerengeka akudutsa ngati mphenzi, n'kovuta kukhulupirira kuti ambiri mwa amene anatchuka kumeneko anayambira m'kagalimoto ka mapaipi achitsulo owotcherera, ka injini yofanana ndi ya galimoto yopitira kuntchito. Koma ndi mmene zinalili. Kwa zaka zoposa 50 kampani ya Ford inkathandiza mpikisano wa madalaivala ongoyamba kumene wotchedwa Formula Ford, umene unabadwira ku England n'kufalikira ku Ireland, Australia, America, South Africa ndi maiko ena ambiri. Chomwe ine chimandikoka pa mbiri yake n'chakuti mphamvu yake inagona pa kusowa. Ndalama zinali zochepa, injini inali wamba, matayala anali wamba, ndiye chotsala choti anthu aone chinali luso la munthu amene wagwira chiwongolero.

1. Maganizo ake anachokera kwa mwini sukulu amene mainjini ankamumaliza ndalama, osati kwa Ford.

Geoff Clarke anali ndi sukulu yophunzitsa anthu kuyendetsa magalimoto a mpikisano, yotchedwa Motor Racing Stables, pa bwalo la Brands Hatch m'chigawo cha Kent, kufupi ndi London. Ophunzira ake ankagwiritsa ntchito magalimoto a Formula Three, omwe mainjini ake anali odula zedi komanso osachedwa kutopa. Wophunzira akangophonya giya kamodzi, injini inkaphulika, ndipo phindu la miyezi ingapo linkapita pomwepo. Atatopa nazo, a pasukulupo anayesa kuika injini ya Ford Cortina GT ya 1500cc, yomweyo imene inkayenda m'misewu, n'kuvekanso galimotoyo matayala a pamsewu. Anadabwa kuona kuti liwiro silinatsike kwenikweni, pomwe injiniyo inkapirira nkhanza zonse za ophunzira.

Clarke anakambirana nkhaniyi ndi John Webb, mkulu wa Brands Hatch, pamodzi ndi Henry Taylor, yemwe kale anali dalaivala wa Formula One ndipo panthawiyo ankayang'anira za mipikisano ku Ford ya ku Britain. Taylor anavomera kupereka mainjini pa mtengo wa £50 imodzi. Pa 2 Julayi 1967, pa Brands Hatch pomwepo, panachitika mpikisano woyamba wa Formula Ford, ndipo anapambana ndi Ray Allen, wophunzira wa pasukulu ya Clarke, ali m'galimoto ya Lotus 51.

Achikulire amene anaionapo Cortina m'misewu ya kuno kum'mwera kwa Africa, kapena kabaki kake kopangidwa ku South Africa, adziwe kuti injini ya banja limenelo ndi imene tikunenayi. Kuyambira mu 1968 anasinthira ku ya 1600cc, imene anthu amangoitcha kuti Kent mpaka lero.

2. Lamulo linkaletsa kugulitsa galimoto pa mtengo wopitirira £1,000, ndipo yoyambayo inali ndi giyabokosi ya Renault.

Kuti mpikisanowu usasanduke wa ana a anthu olemera okha, anakhazikitsa lamulo loti galimoto yathunthu, yokonzeka kuthamanga, isadutse £1,000. Lotus, kampani ya Colin Chapman, inatenga mafupa a galimoto yake yakale ya Formula Three, n'kuikamo injini ya Cortina. Pofuna kuti mtengo usakwere, giyabokosi anaitenga ku galimoto ya Renault ya pamsewu. Kotero galimoto yoyamba yodziwika ndi dzina la Ford inkasintha magiya ndi chitsulo cha kampani ya ku France yopikisana ndi Ford pamsika. Giyabokosiyo inali yofooka, ndipo posakhalitsa aliyense anathamangira ya Hewland, yopangidwira mpikisano. Lamulo la £1,000 nalonso silinakhalitse. Patangopita zaka zochepa linachotsedwa chifukwa mitengo ya zinthu inakwera.

3. M'milungu inayi yokha, Ford inagwira makwerero kumwamba ndi pansi pomwe.

Pa 4 Juni 1967, ku Zandvoort m'dziko la Netherlands, Jim Clark anapambana mpikisano wa Formula One ndi injini yatsopano ya Cosworth DFV, tsiku loyamba lenileni injiniyo kupikisana. Ndalama zoipangira, £100,000, zinachokera ku Ford kudzera mwa mkulu wina wa kampaniyo, Walter Hayes. Injini imeneyo inadzapambana mipikisano 155 ya Formula One. Patangotha masiku 28, kagalimoto ka injini ya £50 kanayamba ulendo wake pa Brands Hatch. Mnyamata ankatha kuyamba ndi Ford yotchipitsitsa n'kukathera pa Ford yapamwamba kwambiri, ndipo awiri mwa anthu amene nditawatchule m'munsimu, Emerson Fittipaldi ndi James Hunt, anachitadi zimenezo.

4. Zomwe galimotoyi inalibe ndi zimene zinkaphunzitsa.

Galimoto ya Formula One ili ndi mapiko kutsogolo ndi kumbuyo. Ntchito yake ndi yosiyana ndi ya mapiko a ndege: mphepo ikawomba pamenepo imakanikizira galimoto pansi, ndipo matayala amamatirira pa tala ngakhale pokhota mwaliwiro. Formula Ford ya 1600cc inaletsa mapiko. Inaletsanso matayala osalala aja opanda mizere, amene amagwira tala ngati ulimbo. Mafupa a galimoto ankayenera kukhala a mapaipi achitsulo, oti makaniko aliyense wodziwa kuwotcherera atha kuwongola ngozi ikachitika. Injini sankaloledwa kuisintha kwenikweni. Chololedwa chinali kuimanga mosamala kuti chilichonse chikhale pa muyeso wake.

Zotsatira zake zinali galimoto yopepuka, ya makilogalamu 400 ndi pang'ono, yotha kupitirira makilomita 200 pa ola pamalo owongoka, koma yoterereka pokhota paliponse. Dalaivala ankaimva galimoto ndi msana, kudziwa nthawi imene matayala akumbuyo ayamba kuthawa, n'kuibweza ndi chiwongolero komanso phazi la pa mafuta. Popeza injini inali yochepa mphamvu, ukalakwitsa pokhota n'kutaya liwiro, panalibe chokupulumutsa. Anzako ankakudutsa atatu nthawi imodzi iwe ukuyesa kudzikoka.

Palinso china chimene oonera ankachikonda. Galimoto ya mapiko imavutika ikayandikira kumbuyo kwa inzake, chifukwa mphepo yovundulidwa ndi ya kutsogolo imafooketsa mapikowo. Yopanda mapiko imapindula: wakutsogolo amakutchingira mphepo, iwe n'kumusendera, kenako n'kutulukira pambali pake pofika pokhota. N'chifukwa chake magalimoto a Formula Ford ankayenda mounjikana ngati njuchi, asanu kapena asanu ndi limodzi, matayala ali pambalambanda pafupifupi kukhudzana. Mwana wophunzira pamenepo ankadziwa kuwerenga maganizo a mnzake, kudziwa poti alowe ndi poti adikire. Akuluakulu amati m'mera mpoyamba, ndipo ine ndikuona kuti palibe nazale ina m'masewerowa imene inaumba anthu bwino chonchi.

5. James Hunt anagwera nayo m'nyanja.

Mu 1968 Hunt anali mnyamata wopanda ndalama, woyendetsa galimoto ya Russell-Alexis yogula pangongole yolipira pang'onopang'ono. Pa bwalo la Oulton Park anachita ngozi yoopsa, galimoto inauluka n'kukamira m'kanyanja ka m'mbali mwa njira. Iye anatuluka wamoyo. Galimotoyo inalibe malamba omangira dalaivala, ndipo anthu ambiri amakhulupirira kuti akanakhala womangidwa akanamira nayo. Tisatengepo phunziro lolakwika apa, pakuti malamba apulumutsa madalaivala osawerengeka, ndipo tsiku limenelo unali mwayi chabe. Patapita zaka zisanu ndi zitatu, mu 1976, Hunt anakhala katswiri wa dziko lonse ndi McLaren, kuposa Niki Lauda ndi pointi imodzi yokha.

6. Galimoto imodzi inanyamula akatswiri awiri a dziko lonse.

Emerson Fittipaldi anafika ku England kuchokera ku Brazil mu 1969, Chingerezi akuchidziwa pang'ono chabe. Anagula galimoto ya Formula Ford ya mtundu wa Merlyn n'kuyamba kupambana mwachangu, moti cha pakati pa chaka Jim Russell, mwini sukulu ina ya madalaivala, anamukweza kupita ku Formula Three. Anatenga chikho cha kumeneko chaka chomwecho. Mu Okutobala 1970 anapambana mpikisano wa Formula One ku Watkins Glen, ku America, pasanathe zaka ziwiri chifikireni ku Ulaya. Mu 1972, ali ndi zaka 25, anakhala katswiri wa dziko lonse.

Merlyn ija sinapume. Mu 1970 inali m'manja mwa Colin Vandervell, yemwe anapambana nayo mipikisano yambirimbiri. Mu 1971 anaigula mnyamata wa ku East London, ku South Africa, dzina lake Jody Scheckter, amene anabwera ku England atapata mphoto ya Driver to Europe chifukwa chochita bwino mu Formula Ford ya kwawo. Ankayendetsa moterereka kwambiri mpaka anamupatsa dzina loti Sideways, kutanthauza woyenda chammbali. Chaka chotsatira anali kale m'galimoto ya McLaren ya Formula One, ndipo mu 1979 anakhala katswiri wa dziko lonse ndi Ferrari. Mpaka lero ndi munthu yekhayo wochokera ku Africa amene anafikapo pamenepo. Galimotoyo anthu anaitcha Magic Merlyn, ngati kuti inali yokhwimira, koma mankhwala ake anali manja a anthu atatu aluso otsatizana.

7. South Africa inapereka zambiri kuposa Scheckter.

Scheckter atapambana mu 1979, Ferrari inakhala zaka 21 osaonanso dalaivala wake akutenga ukatswiri. Njalayo inatha mu 2000 ndi Michael Schumacher, yemwe naye anathamangapo mu Formula Ford mu 1988. Koma taonani amene anajambula galimoto yake: Rory Byrne, wobadwira ku Pretoria, amene kusukulu anaphunzira za chemistry, osati za magalimoto. Byrne anayamba ndi kupanga galimoto ya Formula Ford kwawo ku South Africa, kenako anasamukira ku England komwe anakajambula magalimoto a Formula Ford a kampani ya Royale. Mpikisanowu sunkalera madalaivala okha. Unkaleranso amakaniko ndi mainjiniya, chifukwa kampani iliyonse yaing'ono, ngakhale munthu m'galaja kuseri kwa nyumba, inali ndi ufulu wopanga galimoto yakeyake bola itsatire malamulo.

Wina ndi Desiré Wilson wa ku Brakpan. Pakati pa zaka za m'ma 1970 anatenga chikho cha Formula Ford cha South Africa, akupikisana ndi amuna, n'kupita ku Ulaya. Mu 1980, pa Brands Hatch, anapambana mpikisano wa ligi ya ku Britain ya magalimoto a Formula One. Sunali mpikisano wa ukatswiri wa dziko lonse, komabe palibe mkazi wina amene anapambanapo mpikisano wa magalimoto a Formula One wa mtundu uliwonse. Malo ena okhalapo oonera pa Brands Hatch anapatsidwa dzina lake.

8. Nigel Mansell anatenga chikho chaka chomwe anathyoka khosi.

Mu 1977 Mansell anasiya ntchito ya uinjiniya kuti aike moyo wake wonse pa mpikisano. Chaka chomwecho anachita ngozi pa Brands Hatch n'kuthyoka fupa la m'khosi. Madokotala anamuchenjeza kuti anatsala pang'ono kufa ziwalo ndipo asayendetsenso. Anadzitulutsa yekha m'chipatala, anabwerera m'galimoto, ndipo pakutha pa chaka anali atapambana mipikisano 33 mwa 42 n'kutenga chikho. Ukatswiri wa dziko lonse anaudikira mpaka 1992.

9. Ayrton Senna anapambana, n'kulengeza kuti wasiya.

Kuti nkhaniyi imveke tiyambe ndi kampani ya Van Diemen. Anaikhazikitsa mu 1973 ndi Ralph Firman ndi Ross Ambrose, pafupi ndi bwalo la Snetterton ku Norfolk. Dzinalo linachokera ku Van Diemen's Land, dzina lakale la chilumba cha Tasmania, kwawo kwa Ambrose. Firman anali atagwirapo ntchito ngati makaniko wa Fittipaldi, ndipo ubale umenewo unatsegula njira imene anyamata a ku Brazil anaiponda motsatizana: Chico Serra, Roberto Moreno, Raul Boesel, Mauricio Gugelmin. Serra ndi amene ankauza Firman za mnyamata wina wa ku São Paulo wothamanga modabwitsa pa timagalimoto ta kart.

Mnyamatayo anafika mu 1981, akudziwika kuti Ayrton Senna da Silva. Pa 1 Malichi, mpikisano wake woyamba pa Brands Hatch, anathera pa nambala 5. Patatha milungu iwiri, pa bwalo lomwelo, njira ili yonyowa, anapambana. Pakutha pa nyengoyo anali atapambana mipikisano 12 mwa 20 ndipo anatenga zikho ziwiri zikuluzikulu za ku Britain. Aliyense ankayembekeza kuti akwera makwerero. Iye anati basi, akubwerera kwawo. Ndalama zopitira patsogolo zinali zovuta kupeza, banja linkafuna kuti akathandize pa bizinesi ya bambo ake, ndipo ukwati wake unali pamavuto. Ananyamuka kutatsala mpikisano waukulu wotsekera chaka, Formula Ford Festival, galimoto yake n'kutsala yopanda mwini.

Firman anaitana Tommy Byrne, mnyamata wa ku Ireland wochokera m'banja losauka, amene anatenga zikho za Formula Ford mu 1980 ndipo mu 1981 anali atakwera kale gawo lotsatira. Byrne analowa m'galimoto ya Senna n'kupambana Festival. Chaka chotsatira anatenga chikho cha Formula Three cha ku Britain, ndipo anthu amene anamuona akuyendetsa amanenabe kuti luso lake linali la mlingo wa Senna. Koma mu Formula One anangothamanga mipikisano iwiri, ndi timu yofooka ya Theodore, chitseko n'kutsekeka. Analibe ndalama, analibe omuyankhulira, komanso khalidwe lake silinkagwirizana ndi akuluakulu a matimu. Nkhani ya Byrne imandiwawa, chifukwa imaonetsa malire a Formula Ford. Inkatha kuonetsa poyera amene ali ndi luso, koma inalibe mphamvu yokakamiza a pamwamba kuti amutenge.

Senna sanapirire kukhala muofesi. Kumayambiriro kwa 1982 anabwerera ku England, n'kulowa Formula Ford 2000, gawo lokulirapo la mainjini a 2000cc lomwe linali ndi mapiko, ndipo anatenga chikho cha Britain ndi cha Ulaya.

10. Festival inali chipulula, ndipo wina anaipambana atayambira kumchira.

Formula Ford Festival inayamba mu 1972 ku Snetterton, n'kusamukira ku Brands Hatch mu 1976. Imachitika kumapeto kwa nyengo, masamba akugwa, nthawi zambiri kukuzizira ndi kamvula. M'zaka zake zaulemerero kunkabwera madalaivala oposa 100 ochokera m'maiko osiyanasiyana, ambiri a iwo ali akatswiri kwawo. Ankawagawa m'magulu, ochita bwino n'kumapitirira ndime ndi ndime mpaka fainolo, monga zikhalira m'chikho cha mpira. Ukalakwitsa kamodzi, chaka chako chathera pomwepo.

Mu 1985 Johnny Herbert anachita ngozi pa nthawi yopimana liwiro yofunira malo oyambira. Anayamba ndime yoyamba ali kumbuyo kwa onse, atamuwonjezeranso chilango cha masekondi 10, ali m'galimoto ya kampani yaing'ono yotchedwa Quest. Anadutsa anzake ndime iliyonse mpaka kupambana fainolo. Pa bwalo lomweli, mu 1988, anadzaphwanyika mapazi onse awiri pa ngozi ya Formula 3000, koma anachira mpaka kupambana Le Mans mu 1991 ndi British Grand Prix mu 1995.

Mndandanda wa opambana Festival uli ndi Derek Daly mu 1976, Eddie Irvine mu 1987, Jan Magnussen mu 1992, Mark Webber mu 1996 ndi Jenson Button mu 1998. Mu 2000 anapambana Anthony Davidson, ndipo wachiwiri anali mnzake wa timu imodzi, mtsikana wa ku America wa zaka 18, Danica Patrick, amene mu 2008 anadzakhala mkazi woyamba kupambana mpikisano wa IndyCar.

Ndipo pali katswiri wina wa Festival yemwe sanali munthu. Ngakhale mainjini onse ankayenera kufanana, amisiri a makampani monga Minister ndi Scholar ankadziwa kuti ina imatuluka yamphamvu pang'ono kuposa zinzake. Yotchuka kwambiri inkatchedwa Patch, kunena kuti chigamba, chifukwa inabookapo m'mbali n'kumatidwa. Injini yachigambayo inapambana Festival zaka zinayi zotsatizana, kuyambira 1980 mpaka 1983, ndi madalaivala anayi osiyana.

11. Anthu awiri amene anafera ku Imola mu 1994 anachokera m'khola limodzi.

Roland Ratzenberger wa ku Austria anapambana Festival ya 1986 ali m'galimoto ya Van Diemen. Mosiyana ndi Senna, iye njira yake inali yaitali ndi yaminga. Anathamanga mu Formula Three, m'magalimoto a denga, ku Le Mans, ndiponso zaka zingapo ku Japan, akudzisakira yekha ndalama. Anafika mu Formula One ali ndi zaka 33, ndi timu yaing'ono ya Simtek. Anangothamanga mpikisano umodzi, ku Aida m'dziko la Japan, n'kuthera pa nambala 11. Pa 30 Epulo 1994, ku Imola m'dziko la Italy, phiko la kutsogolo la galimoto yake linathyoka ali pa liwiro lalikulu, ndipo anamwalira. Mawa lake, pa 1 Meyi, Senna, yemwe anali atatenga kale ukatswiri wa dziko lonse katatu, anafera pa bwalo lomwelo. M'galimoto yake anapezamo mbendera ya Austria yopindidwa, imene ankafuna kuikweza pomaliza mpikisano pokumbukira mnzakeyo.

12. Ku America, Formula Ford ina imayendera injini ya Honda Fit.

Injini ya Kent itasiya kuikidwa m'magalimoto atsopano, masipeya ake anayamba kusowa ndi kudula. Bungwe loyendetsa mipikisano la Sports Car Club of America linaloleza kuti kuyambira mu 2010 anthu aziikamo injini ya 1500cc ya Honda Fit, ataichepetsa mphamvu kuti ifanane ndi Kent. Dzina la gululo linafupikitsidwa kukhala Formula F. Inde, ndi Fit yomwe ija yadzaza m'misewu ya Lilongwe, Lusaka ndi Harare. Kwa ine apa sanapatuke pa mwambo ayi. Anachita zomwe Geoff Clarke anachita m'zaka za m'ma 1960, kutenga injini ya galimoto wamba yopezeka paliponse, yosavuta kusamala.

13. Ford inachoka, koma injini yakale ija ikuliralirabe.

Ku Britain, mpikisano waukulu unkasintha injini potsatira zimene Ford inkagulitsa. Mu 1993 kunabwera Zetec ya 1800cc, yolemera kuposa Kent. Mu 2006 kunabwera Duratec ya 1600cc, ndipo mu 2012 EcoBoost yokhala ndi turbo. Mu 2013 anachita chimene oyambitsa anachikana: anaika mapiko. Chaka chimenecho Dan Cammish anapambana mipikisano 24 yonse imene anathamanga, koma magalimoto opikisana anali ochepa poyerekeza ndi khamu la zaka za m'ma 1980. Zinthu zinali zitasintha kale. Formula Renault ndi Formula BMW zinali zitakopa achinyamata ambiri, makolo ndi othandiza ndi ndalama ankafuna galimoto yooneka ngati ya Formula One kuyambira tsiku loyamba, ndipo ana ankabwera kuchokera ku kart ali aang'ono kwambiri.

Mu 2015 mpikisanowo unasanduka wa malamulo a Formula 4 a bungwe la FIA, pansi pa dzina loti MSA Formula, injini ikadali ya Ford. Woyamba kutenga chikho anali Lando Norris, ali ndi zaka 15. Mu 2017 Oscar Piastri anathera pa nambala 2. Awiriwa anadzakumana m'timu imodzi ya McLaren. Apa tsopano aliyense ankagula galimoto yofanana kwa kampani imodzi, ndipo mwayi wa Rory Byrne wina wojambula yakeyake unatha. Ndikuvomereza kuti magalimoto atsopanowa ndi otetezeka kwambiri kuposa a mapaipi aja, ndipo palibe kholo limene lingakane zimenezo. Koma mtengo wothamangira chaka chimodzi unafika poti mwana wa munthu wamba sangauyerekeze n'komwe. Pakutha pa 2021 Ford inasiya kuthandiza mpikisanowo, patatha zaka 54, ndipo kuyambira 2022 magalimoto ake amayendera injini za Abarth.

Komabe pitani ku Brands Hatch mu Okutobala, mukapeza Festival ikuchitika, ndipo magalimoto ake ndi a injini ya Kent, opanda mapiko. Kumayambiriro kwa Novembala gulu lomwelo limasamukira ku Silverstone kukalimbirana Walter Hayes Trophy, chikho chokumbukira mkulu wa Ford uja, chomwe chinayamba mu 2001 ndipo nthawi zambiri chimakoka magalimoto pafupifupi 100. Kumeneko mnyamata wa zaka 17 wochokera ku America kapena ku Ireland amaima pamzere umodzi ndi bambo wa imvi amene wakoka galimoto yake pa ngolo kuchokera kunyumba, Van Diemen ya m'ma 1980 imene amaikonza yekha madzulo akaweruka kuntchito.